Akasinja a m'bokosi

Mukalowa m'sitolo ya kuno ku England yogulitsa tizifanizo ta pulasitiki tomanga wekha, mutha kuganiza kuti Ajeremani ndiwo anapambana Nkhondo Yachiwiri ya Padziko Lonse. Mashelefu a akasinja amakhala odzaza ndi Tiger, Panther ndi Panzer IV, aliyense m'mitundu yosawerengeka, pomwe Sherman wa ku America ndi T-34 wa ku Soviet Union apanikizana pakona. Pankhondo yeniyeniyo zinthu zinali zotembenuka. Pakati pa 1942 ndi 1944 Ajeremani anapanga Tiger I pafupifupi 1,350 okha basi, ndipo Panther anafika pafupifupi 6,000. Sherman anapangidwa pafupifupi 49,000, T-34 oposa 50,000 nkhondo isanathe. Asilikali ambiri a Britain ndi America anabwerera kwawo asanamuonepo Tiger ndi maso. Koma lero, pa mathebulo a anthu ngati ine, Tiger wachuluka kuposa mmene anachulukira m'fakitale ya Henschel ku Kassel.

Amene sanatsegulepo bokosi lotere ndiwauze zam'katimo. Mumakhala mafulemu a pulasitiki, lililonse litagwira tizidutswa tokhala ndi manambala, kabuku ka zithunzi kosonyeza chomwe chimalowa poti, ndi kapepala ka zizindikiro zomata ndi madzi. Msinkhu wotchuka ndi wa 1/35, kutanthauza kuti masentimita 35 a kasinja weniweni amasanduka sentimita imodzi. Tiger wa matani oposa 50 amatsala wa masentimita 24 kuphatikizapo mzinga wake, woti n'kumuika pa chikhatho. Nambala ya 35 imaoneka ngati inachoka mu masamu akuya, koma inangobwera. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 kampani ya Tamiya ya ku Shizuoka, Japan, inapanga Panther woyenda ndi mota, ndipo inamukulitsa mongokwanira kuti mabatire awiri alowe m'mimba mwake. Atamuyeza pambuyo pake anapeza kuti ndi 1/35, ndipo makampani ena anangotsatira. Choncho ngakhale muyezo wa ntchito yonseyi unabadwira pa kasinja wa Ajeremani.

Guluu wake si guluu kwenikweni. Ndi madzi onunkha mwaukali amene amasungunula pulasitiki. Umagunditsa tizidutswa tiwiri, n'kukhudza pamsoko pake ndi nsonga ya kaburashi, madziwo n'kuthamanga okha mumsokomo ngati akudziwa njira. Ukafinya pang'ono pamatuluka kamzere ka pulasitiki yofewa, kamene mawa lake ukapala ndi lezala, msoko wonse umasowa. Chala chikakhala pafupi, madziwo amalowa kunsi kwake, ndipo chidindo cha chala chako chimatsala pa chitsulo cha kasinja mpaka kalekale. Mayi a kunyumba analamula kuti zenera lizikhala lotsegula ngakhale kunja kukhale chisanu chotani, ndipo lamulo limenelo silinaphwanyidwepo.

Tili ana ku Dedza tinkapanga magalimoto a mawaya, ndipo palibe amene ankafunsa ngati lole yako ili ndi mabawuti okwanira. Ikamayenda, chiwongolero chikamakhota, basi inali lole. Kuno ndinapeza akuluakulu a imvi akukangana mpaka mitsempha kuonekera m'khosi pa nkhani yoti kachitseko kena ka Tiger kanasinthidwa mwezi uti wa 1943. Poyamba zinkandiseketsa. Kenako ndinazindikira kuti chidwi choterechi chimaphunzitsa zinthu zomwe mabuku a mbiri amangodutsa.

Tengani mawilo. Tiger woyambirira anali ndi mawilo 24 mbali iliyonse, 48 onse pamodzi, olowanalowana m'mizere, lina kubisala kuseri kwa linzake. Lililonse lili ndi mkombero wa labala woti upente wakuda osadetsa chitsulo cha pakati. Ndi ntchito yogwetsa ulesi kuposa ina iliyonse m'bokosimo. Ukafika pa wilo la makumi atatu maso amachita chidima, khosi limauma, ndipo umayamba kutukwana munthu amene anajambula pulani imeneyi. Apa ndi pamene zala zimakuuza zimene amakaniko a nthawi imeneyo ankazidziwa bwino. Kalowanelowane ameneyu ankagawa bwino kulemera kwa kasinja ndi kumuyendetsa mosagwedeza, koma wilo la m'kati likawonongeka, ankayamba achotsa angapo a kunja kuti alifikire. Ku Russia matope ndi chipale zinkalowa pakati pa mawilowo n'kuuma usiku, m'mawa kasinja osasuntha. Pomukweza sitima ankachotsa mawilo a kunja ndi kumuveka matcheni opyapyala, chifukwa ndi matcheni ake a kunkhondo anali wotakata kuposa ngolo za njanji. Akafika ankayambanso kubwezera zonse. Matcheniwo ali ndi mfundo 96 mbali iliyonse, ndipo m'mabokosi ena mfundo iliyonse imabwera payokha, yoti uidule, uipale, uilumikize. Ine ndimatero nditakhala pampando, tiyi ali pambali. Iwo ankatero ndi zitsulo zolemera, manja atachita dzanzi.

Chomwe chimakoka omanga tizifanizo kwa akasinja a Ajeremani n'chomwechonso chinkawapweteka eni ake. Mafakitale awo sankatha kusiya chinthu chikhale. Mwezi uno asintha chitseko, mwezi wamawa achotsa zosefera mpweya, kenako mawilo a labala alowedwa m'malo ndi achitsulo. Pa thupi limodzi la Panzer IV anamangapo mizinga yowombera ndege, mizinga yosaka akasinja, ndi zina zambiri. Kwa woyang'anira zida zosinthira kunkhondo, uku kunali kudwalitsa mutu. Kwa kampani yogulitsa mabokosi, ndi mgodi wosatha, pakuti kasinja mmodzi angagulitsidwe kakhumi, bokosi lililonse likusiyana ndi linzake pa tinthu tiwiri kapena titatu, ndipo ife timagula.

Penti nayo ndi chimodzimodzi. Sherman amakhala wobiriwira, kwatha. Ajeremani anayamba ndi mtundu wotuwa moderako, ndipo mu February 1943 anasintha n'kupita ku chikasu choderako, n'kumapereka kwa asilikali zitini za penti yolimba yobiriwira ndi yofiirira kuti azisungunula okha ndi kudzipentera malinga ndi dera. Ena ankasungunula ndi petulo, ena ndi madzi, ena ankapopera, ena ankapaka ndi chilichonse chomwe chinali pafupi. Zotsatira zake, akasinja awiri a gulu limodzi sankafanana. Womanga kachifanizo amapeza ufulu pamenepa, ndipo wina akamutsutsa kuti chobiriwira chako chawala kwambiri, yankho lilipo kale.

Nanga zimmerit. Linali phala lomwe ankapaka pa akasinja m'fakitale kuyambira mu 1943, n'kulilemba timizere lisanaume. Ajeremani anali ndi bomba la maginito lomwe msilikali ankathamanga nalo n'kulimata pa kasinja wa mdani, ndipo ankaopa kuti adani awo awatengera nzeruyo. Phalalo linali loti maginito asagwire chitsulo. Adaniwo sanavutike n'komwe kupanga mabomba otere ochuluka, ndipo mu September 1944 kupakako kunaletsedwa kutamveka mphekesera yoti phalalo limayaka likawombedwa. Mankhwala a matenda omwe sanabwere. Koma poti analipaka kwa chaka chathunthu, ife lero timapaka phala lathu lopyapyala pa pulasitiki n'kumadinda timizere ndi nsonga ya kasikuludiraiva, mzere ndi mzere, madzulo angapo, kuti tifanizire bwinobwino ntchito yomwe inali yopanda phindu kuyambira pachiyambi. Ndimaikonda ntchito imeneyo, sindibisa.

Pali chifukwa china chomwe sitichitchula kawirikawiri, ndipo kwa ine ndi pomwe pagona nkhani. Womanga kachifanizo amadalira zithunzi. Popanda chithunzi sudziwa pomwe fosholo inkapachikidwa, kapena mmene matope ankamatira kuseri kwa wilo. Zambiri mwa zithunzi zokongola za akasinja a Ajeremani zinajambulidwa ndi magulu a asilikali otchedwa Propagandakompanie, amene ntchito yawo inali kudyetsa manyuzipepala ndi makanema a unduna wa Joseph Goebbels. Anali akatswiri a kamera. Ankadziwa kugwada pansi kuti kasinja aoneke ngati phiri, mzinga utaloza kumwamba, mtsogoleri wake atatulukira pa chitseko cha pamwamba, chipewa chitapendekeka, nkhope yodekha. Yang'anani chithunzi cha pa chivundikiro cha bokosi lililonse, mupeza kuti wojambula wa lero waima pomwe anagwada mnzake uja. Timanena kuti tikutsata zoona, ndipo pa mabawuti tikutsatadi zoona. Koma maso amene tikuonera kasinjayo ndi obwereka kwa anthu omwe ankalipidwa kuti timusirire.

Izi zimaonekera poyera pa kapepala ka zizindikiro. Mabokosi ambiri a Tiger amakupatsa manambala a kasinja wa Michael Wittmann, msilikali wa SS, gulu lankhondo la chipani cha Nazi, amene anatchuka ndi nkhondo ya ku Villers-Bocage pa 13 June 1944 ndipo anaphedwa pa 8 August chaka chomwecho. Amene anamutchukitsa koyamba ndi manyuzipepala a chipani cha Nazi, ndipo kutchukako sikunazime. Mabokosi a Tiger II nawo amakonda nambala 213, ya kasinja amene mpaka lero waima ku La Gleize, ku Belgium, komwe anasiyidwa mu December 1944 gulu la Joachim Peiper litasowa mafuta n'kuthawa wapansi. Kabuku ka m'bokosi kamakuuza mitundu ya penti ndi pomwe nambala ikhale. Sikakuuza kuti pa 17 December asilikali a gulu la Peiper anapha akaidi a nkhondo 84 a ku America pafupi ndi Malmedy, kapena kuti tsiku lomwelo ku Wereth asilikali ena a 1st SS Panzer Division anazunza ndi kupha asilikali akuda 11 a ku America omwe anali atagonja kale.

Dziko la Germany lili ndi lamulo, ndime 86a ya malamulo awo a milandu, loletsa kuonetsa zizindikiro za chipani cha Nazi. N'chifukwa chake makampani ambiri saika swastika pa kapepala kaja, ndipo ena amaidula pawiri kuti wofuna alumikize yekha. Lamulolo ndimalimvetsa. Chomwe chimandidabwitsa ndi mtendere womwe ife omanga timaupeza pamenepo, ngati kuti chizindikiro chikachoka kasinja watsukidwa.

Mlamu wanga atabwera kudzacheza kuchokera ku Leeds anaima nthawi yaitali patsogolo pa kabati ya tizifanizo tanga. Ananyamula Panzer IV wotuwa, wa nkhondo ya ku France ya 1940, n'kumutembenuza mosamala.

"Alamu, luso lilipo, sindikana. Koma mwa zinthu zonse za padziko lapansi, mwasankha kukongoletsa zida za anthu amene ankatiyesa nyama?"

Ndinayamba kufotokoza za umisiri, za mawilo, za penti. Iwo anangoti, "Eya, mawilo," n'kubwezera kasinjayo pamalo pake. Sanakwiye. Anasintha nkhani n'kuyamba za mtengo wa feteleza kumudzi.

Funso lawolo linali lolunjika kuposa mmene iwo ankadziwira. Agogo athu a King's African Rifles sanakumane ndi akasinja amenewa, iwo anamenyana ndi Ataliyana ku Somaliland ndi Abyssinia, kenako Ajapani ku Burma. Koma anthu akuda ena anakumana nawo. Pa 20 June 1940 ku Chasselay, pafupi ndi Lyon, Ajeremani anagwira asilikali a France, n'kupatula azungu ndi akuda a ku West Africa. Akudawo anawatengera kumunda, ndipo akasinja anawawombera ndi mfuti zachiwaya. Zithunzi za tsikulo, zojambulidwa ndi msilikali wa Chijeremani, zinatulukira zaka zaposachedwapa, ndipo akasinja amene akuoneka m'menemo ndi Panzer IV otuwa, a mtundu womwe alamu anaunyamula. Kwa womanga kachifanizo zithunzizo n'zothandiza ngati zina zonse, pakuti zizindikiro zikuoneka, katundu wa pamwamba akuoneka. Sindinaonepo zitaikidwa pa chivundikiro cha bokosi.

Ndiye pali manja omwe anapanga akasinjawo. Ife timanyadira kufanizira misoko ya kuwotcherera. Timatenthetsa kachidutswa ka fulemu pa kandulo, n'kukakoka mpaka kasanduke ulusi, n'kuugoneka pomwe zitsulo ziwiri zakumana, kuufewetsa ndi guluu uja, kenako kuudinda ndi nsonga ya mpeni kuti uoneke ngati mikanda ya chitsulo chosungunuka. Ukalondola, anzako amayamika. Misoko yeniyeniyo inawotcheredwa m'mafakitale odzaza ndi anthu ogwidwa. Henschel ku Kassel inagwiritsa ntchito mokakamiza anthu zikwizikwi ochokera m'maiko olandidwa. Krupp, yomwe inkapanga matupi a Tiger, inachita chimodzimodzi, ndipo mwini wake Alfried Krupp anapezeka wolakwa ku Nuremberg mu 1948 pa mlandu wogwiritsa anthu ukapolo, ngakhale anatuluka m'ndende mu 1951. Fakitale ya Nibelungenwerk ku St. Valentin, Austria, yomwe inapanga pafupifupi theka la Panzer IV onse, inali ndi msasa wa akaidi a ku Mauthausen pambali pake kuyambira mu 1944. Munthu atha kudziwa mwezi womwe kachitseko kanasinthidwa, osadziwa kalikonse za amene anakamangirira ali ndi njala.

Anzanga a ku kalabu yathu ya omanga tizifanizo si anthu oipa. Ambiri ndi madala opuma pantchito, ena makolo awo anamenya nawo nkhondo yomweyo kumbali ya Britain, ndipo ukawauza zimenezi amagwedeza mutu n'kunena kuti inde, zinali zoopsa, koma ife timangomanga makina. Sindikhulupirira kuti kumanga Tiger kumasandutsa munthu wotsatira Hitler. Koma mawu oti timangomanga makina sindiwalandira. Tikadakhala kuti timangomanga makina, bwenzi mashelefu atadzaza malole ndi mathirakitala. Chomwe timagula ndi mantha omwe dzina la Tiger linkabweretsa, mantha omwe afika kwa ife atachotsedwa ululu.

Ku Bovington, m'chigawo cha Dorset, kuli nyumba yosungirako akasinja komwe kuli Tiger 131, amene injini yake imalirabe ndi kuyenda. Asilikali a Britain anamugwira ku Tunisia mu April 1943, chipolopolo china chitakakamira pansi pa mutu wake wozungulira n'kuulepheretsa kutembenuka, eni ake n'kumusiya. Zipsera zake zikuonekabe. Nditaima pambali pake chomwe chinandigwira si ukulu wake, ngakhale ndi wamkuludi, koma kusasalala kwake. Chitsulo chili ndi mabampu, m'mphepete modulidwa ndi moto muli mano, penti yakhuthala mwina, mwina yapyapyala. Ndi chinthu chopangidwa mothamanga ndi anthu otopa. Pulasitiki yathu imatuluka mu nkhungu ili yosalala ngati mbale, ndipo timatha maola tikuiwononga dala, kuiboola, kuipaka dzimbiri ndi fumbi, koma nthawi zambiri zomwe timapeza ndi uve wokongola, wosanjidwa ndi diso la wojambula. Ndipo dzimbiri timalichulukitsa. Akasinja ambiri sankakhalitsa kunkhondo mpaka kuchita dzimbiri lomwe timawapakalo.

Sindinasiye kumanga akasinja a Ajeremani, ndipo Panzer IV wotuwa uja akadali m'kabati. Chomwe chinasintha ndi zithunzi zomwe ndimafunafuna. Masiku ano ndimakonda zojambulidwa ndi amakaniko, kapena ndi adani omwe anapeza akasinjawo atasiyidwa m'mbali mwa msewu. M'menemo mumaoneka Panther wa ku Kursk mu July 1943, komwe pafupifupi 200 anatumizidwa asanayesedwe mokwanira ndipo ambiri anafa okha injini ndi magiya mdani asanawakhudze. Mumaoneka Tiger akukokedwa ndi mathirakitala a matani 18, atatu pa kasinja mmodzi, chifukwa imodzi sikanamutha. Zifanizo zotere sizikopa maso pa chionetsero. Anthu amadutsa n'kukaima pa Wittmann.

Zithunzi zomwezo zinandifikitsa pa akavalo. Gulu lankhondo lomwe makanema a Goebbels ankalionetsa ngati la zitsulo zokhazokha linkayenda kwambiri ndi miyendo ya anthu ndi ya nyama. Polowa mu Soviet Union mu June 1941 Ajeremani anali ndi akasinja osakwana 4,000 ndi akavalo oposa 600,000, ndipo pa nkhondo yonse anagwiritsa ntchito akavalo pafupifupi 2.75 miliyoni. Mizinga yambiri, chakudya, zipolopolo ndi ovulala zinkakokedwa pa ngolo. Mabokosi a ngolo zoterezi alipo a 1/35, koma m'sitolo ya kwathu kuno anachita kundiitanitsira, ndipo wogulitsa anandifunsa kawiri ngati ndinali wotsimikiza.

Ndiyo ili pathebulo pano, ngolo ya mawilo anayi a matabwa ndi akavalo awiri. Zingwe zake ndikudula kuchokera ku chitsulo chofewa cha pakamwa pa botolo la vinyo, chifukwa za pulasitiki za m'bokosi n'zokhuthala ngati matabwa. Kupenta kavalo kwandivuta kuposa kasinja aliyense. Pa kasinja cholakwika umachikwirira ndi matope, koma kavalo aliyense amamudziwa, ndipo mtundu ukalakwika amaoneka ngati wa chokoleti. Mmodzi wa madala a ku kalabu, amene anakulira pafamu ku Shropshire, wandiuza kuti ndiyambe ndi penti ya mafuta yofiirira, ndiipukute ndi siponji isanaume kuti pamsana ndi m'nthiti muwale, ndipo nthitizo ndizizokote pang'ono ndi mpeni chifukwa opanga bokosi anawanenepetsa akavalowo ngati a pa mpikisano.